Kuchokera pa galaundi yafumbi kufika pa kontirakiti: malangizo kwa mtsikana wa ku Kasungu wofuna kudya za mpira

Mtsikana amene amazunguza anyamata a m'kalasi mwake pa mpira alipo pafupifupi pa sukulu iliyonse, kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Luso kuno ku Kasungu silisowa ayi. Imene imasowa ndi njira yochokera pa galaundi yafumbi ija kukafika pamene munthu amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa chomenya chikopa. Ambiri amathera panjira, ndipo chowagwetsa kawirikawiri si mwendo. Amagwa ndi chaka chobadwa chimene wina anasintha pa pepala, kapena bondo limene analisewerera lisanapole, kapena bambo wina wotchena amene analandira ndalama ya tiketi ya ku Ulaya kenako n'kuzimitsa foni.

Malangizo awa ndikulembera iwe, mwana wanga, amene uli pakati pa zaka 10 ndi 20, ndipo pena ndizilankhula ndi makolo ako. Tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Malinga ndi malamulo a FIFA, wosewera amene mpira ndi ntchito yake ndi yemwe ali ndi kontirakiti yolembedwa ndi timu, ndipo amalandira ndalama yoposa imene amawononga posewera. Kupatsidwa ya sopo ndi ya minibasi mukawina gemu n'kwabwino ndithu, koma ntchito imakhala isanayambe.

Choyamba: mpira ukhale pa mwendo tsiku lililonse

Usadikire kuti pamudzi panu pabadwe timu ya atsikana. Ngati omenya mpira ndi anyamata okhaokha, lowa momwemo. Tabitha ndi Temwa Chawinga anayamba choncho kwawo ku Rumphi, kulimbirana mpira wachikulunga ndi anyamata. Anyamata sanyengerera. Amakukankha, sakupatsa mpata woganiza, ndiye umaphunzira kutulutsa mpira msanga ndiponso kuuteteza ndi thupi. Ukafika zaka 14 kapena 15 matupi awo amakhala atalemera, ndipo pamenepo uzichita nawo pulakatisi yokha, magemu ampikisano uzisewera ndi atsikana anzako.

Palinso ntchito imene umagwira wekha, popanda kochi. Peza khoma la njerwa lopanda zenera, la kalasi kapena la tchalitchi ngati akulola. Menya mpira pa khomapo ndi mkati mwa phazi, ukabwerera uukhazike ndi kukhudza kumodzi, n'kuumenyanso. Theka la nthawiyo gwiritsa ntchito mwendo umene sukuukhulupirira. Masabata oyamba uzichita manyazi chifukwa mpira uzipita kutchire, koma wosewera wa mwendo umodzi amadziwika pakangotha mphindi khumi, ndipo otchinga kumbuyo amangomutsekera mbali yomweyo gemu yonse.

Zolowera kuyang'ana m'mbuyo ndi m'mbali mpira usanakufike. Atsikana ambiri aluso amene ndimawaona amathamanga mutu uli pansi, amadya njomba anthu atatu, anthu n'kukuwa, kenako wachinayi n'kuwalanda mnzawo ali yekhayekha kutsogolo kwa golo. Owonerera amakonda njomba, koma makochi a matimu akuluakulu amayang'ana amene waona mnzake uja.

Pa nkhani yothamanga, kuzungulira galaundi pang'onopang'ono kambirimbiri sikukwanira. Mpira umafuna liwiro la mamita 10 mpaka 30, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, n'kuyambiranso. Ika miyala iwiri, thamanga ndi mphamvu zonse, bwerera ukuyenda kuti upume, n'kubwereza. Masiku awiri pa sabata akukwana.

Chachiwiri: makolo akhale mbali yako

Pamakomo ambiri mpira wa ntchemberembaye amaulandira, koma wamiyendo amati ndi wa anyamata. Kuzemba pakhomo kuti ukasewere kumakupezera sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zikadziwika amakuletseratu. Chita zina. Pempha aphunzitsi a zamasewera, kapena azakhali amene bambo ako amawamvera, kuti akakhale nawo pansi. Iwe lonjeza zinthu zooneka: madzi atungidwa ndi mbale zatsukidwa usanapite ku galaundi, ufika pakhomo dzuwa lisanalowe, ndipo zotsatira za mayeso sizitsika. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya manja amafunika pakhomo, ndiye gwirizanani masiku ake isanafike.

Inu amayi ndi abambo, zoti mtsikana womenya mpira sadzabereka n'zabodza. Alipo osewera ambiri amene anabereka n'kubwereranso m'bwalo. Nkhawa yanu yeniyeni, yoti mwana akuyenda ndi yani ndipo akagona kuti, ndi yomveka, ndipo yankho lake n'kudziwana ndi kochi, kukhala ndi nambala yake, ndiponso kukaonerako gemu tsiku lina.

Sukulu usaisiye. Sindikunena pongokwaniritsa mwambo ayi. Kontirakiti imalembedwa m'Chingerezi, kochi wa kunja amalankhula Chingerezi, ndipo ntchito ya mpira ikatalika imatha munthu ali ndi zaka makumi atatu ndi zingapo, ikafupika imatha Loweruka limodzi masana. MSCE ikhale m'manja.

Chachitatu: mapepala, ndi chaka chako chenicheni

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amadzitchera okha msampha.

Ukhale ndi chiphaso cha kubadwa chochokera ku NRB. Ofesi yawo ili pa boma, kwa a DC. Ukakwanitsa zaka 16 kalembetse chitupa cha unzika. Kenako yala mapepala onse pamphasa: chiphaso cha kubadwa, buku la kuchipatala ngati likadalipo, zimene zinalembedwa ku sukulu pa mayeso a Sitandade 8 ndi JCE, ndi chitupa. Dzina lilembedwe chimodzimodzi paliponse, ndipo tsiku lobadwa likhale limodzi. Ngati pena unalembedwa ndi dzina la agogo pena la bambo, konza tsopano pamene palibe amene akukudikira. Kukonza zimenezi timu itakuitana kale kumadya miyezi, ndipo timu siyembekezera.

Tsiku lina munthu adzakuuza kuti uchotseko zaka ziwiri kapena zitatu kuti ulowe mu mpikisano wa ana osapitirira zaka 15 kapena 17. Adzanena kuti aliyense amatero. Kana. Masiku ano osewera amalembetsedwa pa kompyuta ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndipo chimene chalowa koyamba chimakutsata moyo wako wonse wa mpira. Tsiku limene udzafune pasipoti, zaka za ku sukulu, za ku NRB ndi za ku mpira zikadzasemphana, mwayi udzatha uli pa mzere ku Immigration. Amene anakunyengerera uja adzakhala atatenga kale chikho chake cha m'boma, ndipo sadzayankha foni yako.

Pasipoti yenikeniyo konza msanga ndalama ikangopezeka, makamaka ukayamba kutchulidwa m'matimu a achinyamata a chigawo.  Jambula mapepala onse pa foni, usungenso makope kwa munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Chitupa chako ndi pasipoti yako zisamasungidwe ndi kochi kapena mkulu wa timu, kupatula pa ulendo umene mwagwirizana kuti azibweza mukangofika.

Chachinayi: sewera pamene umalembedwa

Mabonanza a andale ndi a amalonda amasangalatsa. Pamakhala anthu, mbuzi, mayunifolomu, nthawi zina ndalama yooneka. Sewera, palibe choletsa. Koma dziwa kuti gemu ya bonanza ikatha palibe amene analemba kuti wagoletsa ndani. Fodya ngakhale akhale wa giredi yapamwamba chotani, akakhala m'chigafa sagulidwa, mpaka afike ku Chinkhoma kumene kuli ogula. Kwa wosewera mpira, kumsikako ndi mipikisano yolembetsedwa.

Makwerero ake ali chonchi. Pansi pali mipikisano ya sukulu, imene imayendetsedwa ndi bungwe la zamasewera m'sukulu la MASSA, kuyambira pa zoni mpaka pa dziko lonse. Kenako pali matimu a atsikana ndi amayi a m'boma ndi a m'chigawo chapakati, amene amasewera pansi pa FAM ndi bungwe la mpira wa amayi la NWFA. Pamwamba pali ligi ya dziko lonse ya amayi, imene inayamba mu 2025 ndi thandizo la National Bank of Malawi, momwe muli matimu ngati Silver Strikers Ladies, MDF Lioness ndi Ascent a ku Lilongwe, Ntopwa ndi Bullets a ku Blantyre, ndi Moyale Sisters a ku Mzuzu. Kuchokera mmenemo ndi mmene amasankha Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino.

Kuti udziwe timu yolembetsedwa imene ili pafupi nawe, pita ku ofesi ya zamasewera pa boma kapena funsa aphunzitsi a zamasewera. Ukapeza timu, funsa mafunso atatu usanavale jezi yawo: kodi timuyi ili mu ligi iti, kodi andilembetsa ku FAM m'dzina langa lenileni, nanga pa maulendo pamakhala mayi wamkulu woyang'anira atsikana? Timu yosauka koma yosewera ligi sabata ndi sabata ikuposa timu ya mayunifolomu okongola imene imangotuluka nthawi ya kampeni.

Chachisanu: thupi lako

Jombo za pa kaunjika zilibe vuto, bola zikukwane. Zothina zimachotsa zikhadabo, zazikulu zimabinyitsa. Pa magalaundi athu olimba a m'chilimwe sankha za mano aafupi ambiri, osati zazitsulo. Zotchingira miyendo usazisiye, ndipo bra yamasewera yogwira bwino ndi chida cha ntchito monga jombo zomwe.

Chakudya sichifuna sitolo yapamwamba. Magulu asanu ndi limodzi aja amene amaphunzitsa ku sikelo ndi omwewo: nsima kapena mbatata, nyemba, soya kapena mtedza, usipa, matemba kapena dzira, ndiwo zamasamba, chipatso cha nyengo yake, ndi mafuta pang'ono. Cholakwika chachikulu n'kupita ku pulakatisi ya masana utangomwa tiyi m'mawa. Idya maola awiri kapena atatu gemu isanayambe, ndipo ikatha usachedwe kuikamo kanthu, kaya nthochi, thobwa kapena mtedza. Atsikana amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndiye kuchepa kwa magazi n'kofala. Ukaona kuti ukutopa msanga kuposa kale, ukuchita chizungulire, kapena m'zikope mwayera, kayezetse. Bonongwe, chisoso, nyemba ndi chiwindi zimathandiza, makamaka ukadyera limodzi ndi bwemba, malambe kapena lalanje, ndipo tiyi umwe nthawi ina, osati pa chakudya pomwepo.

Ukakhala kumwezi ukhoza kusewera ngati thupi likulola. Lemba masiku ako m'kope kuti gemu isamakudzidzimutse, ndipo m'chikwama muzikhala mapadi ndi kabudula wamkati wakuda. Koma msambo ukasiya kwa miyezi itatu usali woyembekezera, usanyadire kuti ndiye kulimba. Kawirikawiri zimatanthauza kuti ukugwira ntchito yambiri pa chakudya chochepa, ndipo mafupa amafooka. Pita kuchipatala.

Tsopano bondo. Mkati mwa bondo muli mtsempha umene madokotala amautcha ACL, ndipo umaduka kawirikawiri mwa osewera aakazi kuposa aamuna. Nthawi zambiri umaduka popanda wokugunda, pongotembenuka kapena potera ukadumpha. Ukaduka pamafunika opaleshoni ndi miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu usanabwerere, ndipo kwa mtsikana wa ku Chulu kapena ku Wimbe amene alibe timu yomulipirira, nthawi zambiri mpira umathera pomwepo. Choncho kupewa ndiye mankhwala amene tingakwanitse. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi pafupifupi 20, yosafuna chida chilichonse, ndipo makanema ake ali pa YouTube. Muuzeni kochi muziichita kawiri pa sabata. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: potera ndi potembenuka pinda mawondo ndi chiuno, ndipo bondo liloze kumene zala za phazi zaloza, lisagwere mkati.

Ukabinya, tuluka m'bwalo. Ikapo madzi oundana okulunga m'nsalu kapena nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, manga bandeji, kweza mwendo. Osautsira madzi otentha tsiku lomwelo, osaukoka, osatemera mphini. Bondo likalira n'kutupa nthawi yomweyo, kapena phazi likakana kuponda, ulendo wa ku chipatala cha boma. Ukagundidwa m'mutu n'kuona chizungulire, tsiku limenelo gemu yatha, ngakhale kochi akuwe chotani. Thupi likatentha kayezetse malungo, umalize mankhwala onse, ndipo usasewere uli ndi malungo m'thupi.

Chachisanu ndi chimodzi: kukayesedwa ku timu yaikulu

Kuchokera pa Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo ulendo umenewu udzauyenda ndithu, chifukwa matimu akuluakulu a chigawo chino ali kumeneko. Usapite mongoganizira. Kochi wako kapena aphunzitsi ayambe aimbira foni timuyo, mudziwe tsiku, malo, ndi kumene ukagone. Ndalama yobwererera ikhale m'thumba lako lamkati usananyamuke, ndipo ngati sunakwane zaka 18 upite ndi munthu wamkulu wa kwanu.

Pokayesedwa sewera malo amene umawadziwa. Aliyense amafuna kukhala womwetsa zigoli ngati Temwa, ndiye kutsogolo kumadzaza, pamene matimu amasowa magoloboyi aatali, otchinga kumbuyo odekha, ndi osewera a mwendo wamanzere. Ukataya mpira uthamangire. Kochi akakudzudzula, yankha ndi miyendo. Akakukana, funsa mwaulemu chimene chikuperewera, ukachikonze, udzabwerenso.

Yambanso kusonkhanitsa makanema. Pempha mnzako ajambule gemu ndi foni ataigoneka chopingasa, ataima pamalo okwera, osati m'mphepete mwa mzere pamene pamangooneka miyendo ya anthu. Sankha mphindi zitatu kapena zinayi zosonyeza zambiri, osati zigoli zokha, ndipo sunganso gemu imodzi yathunthu, chifukwa woona osewera wodziwa ntchito amafuna aone zimene umachita mpira uli kutali nawe. Faith Chinzimu ndi Rose Kabzere anadutsira ku Ascent ku Lilongwe asanapite ku Sweden ndi ku France. Khomo limenelo lilipo, ndipo anadutsapo ndi ana a zaka zaposachedwapa.

Chachisanu ndi chiwiri: amene angakuvulaze kunja kwa bwalo

Nkhaniyi ambiri amaizemba. Kochi, mkulu wa timu kapena wothandiza timu ndi ndalama akakuuza kuti malo ako mu timu, jombo zatsopano kapena ulendo wa kunja zidalira kuti ugone naye, imeneyo ndi nkhanza, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu waukulu kupolisi. Zimayamba pang'onopang'ono: mayunitsi, mauthenga a usiku, kukuitana wekha kuti mukakambirane za tsogolo lako. Usafufute mauthengawo. Uza mayi ako, aphunzitsi aakazi kapena mayi woyang'anira timu. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana, komanso ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Palinso chipongwe china chimene atsikana amphamvu amakumana nacho, chonenedwa kuti ndi amuna. Tabitha Chawinga anauzapo atolankhani kuti ali wamng'ono anavulidwa zovala pa galaundi kuti anthu atsimikize kuti ndi mkazi. Palibe woyimbira, kochi kapena gulu la ochemerera limene lili ndi mphamvu yokuvula. Zikafika pamenepo tuluka m'bwalo, ndipo nkhaniyo ikafike ku FAM.

Chachisanu ndi chitatu: kontirakiti

Tsiku limene adzakuikire pepala patsogolo, manja adzanjenjemera ndipo udzafuna kusaina asanasinthe maganizo. Pempha kupita nalo kunyumba. Timu yolongosoka siikana zimenezi. Liwerenge ndi munthu wodziwa Chingerezi bwino amene sadya nawo za timuyo, ndipo muyang'ane izi.

Iyamba liti, itha liti. Malamulo a FIFA salola kontirakiti yopitirira zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 malire ndi zaka zitatu. Kwa wosewera wachitsikana amene akukwera, ine ndimakonda yaifupi, chaka chimodzi kapena ziwiri, kuti mtengo wako ukakwera usakhale womangika pa malipiro akale. Malipiro a pamwezi alembedwe m'manambala ndi tsiku lolandirira, ndipo ndalama yosainira ndi mabonasi a gemu zilembedwe padera. Malo ogona, chakudya ndi mayendedwe alipira ndani? Ukavulala pa ntchito ya timu, chipatala alipira ndani, nanga malipiro apitirira? Ngati ukadali pa sukulu, fizi ndi nthawi ya mayeso zilowemo. Zimene bwana wanena pakamwa koma sizili pa pepala, ziwerenge ngati sananene. Usasaine pepala lokhala ndi mipata yosalembedwa, ndipo kope yako yosainidwa upite nayo.

Dziwanso ufulu uwu. Mu malamulo a FIFA, timu ikalephera kukulipira miyezi iwiri, ukhoza kuilembera kalata yoipatsa masiku 15, ndipo ikapanda kulipira uli ndi chifukwa chokwanira chothetsera kontirakiti. Kuyambira mu 2021, wosewera woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 14, asanu ndi atatu mwa amenewo akhale atabereka, akulandira magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndipo timu siloledwa kumuchotsa chifukwa cha mimba. Pa mikangano ya m'dziko momwemuno dandaulo limapita ku FAM, ku Mpira Village ku Chiwembe, ndipo kalata yolembedwa yokhala ndi deti imamveka kuposa kulira pa Facebook.

Chachisanu ndi chinayi: ejenti ndi ulendo wa kunja

Lamulo la FIFA limaletsa kusamutsa wosewera kupita ku timu ya dziko lina asanakwane zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, monga makolo akasamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Choncho munthu akabwera kwa mtsikana wa Fomu 2 n'kunena kuti ali ndi timu ku Spain mwezi wamawa, akunama kapena sadziwa ntchito yake.

Ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo dzina lake limapezeka pa mndandanda umene uli pa tsamba la FIFA la pa intaneti. Mgwirizano wake ndi wosewera sumapitirira zaka ziwiri, ndipo kwa mwana pamafunika chilolezo cholembedwa cha makolo. Iye amadya malonda akatheka. Wopempha ndalama ya fomu, ya viza kapena ya tiketi pa Airtel Money kapena pa Mpamba zinthu zisanachitike, mutayeni. Makolo ena agulitsapo ng'ombe ndi mabelo a fodya chifukwa cha kalata yokhala ndi chizindikiro cha timu chokopedwa pa intaneti. Kalata yoitana ikabwera, pitani nayo ku FAM akaitsimikize, ndipo lemberani timuyo pa adiresi imene ili pa tsamba lake lenileni, osati imene ili pa kalatayo. Kusamuka kovomerezeka kumadutsa pa kompyuta za FIFA, ndipo FAM ndi imene imatulutsa chikalata chotchedwa ITC. Popanda chimenecho sungasewere gemu ya ligi kulikonse.

Usanyozenso timu yaing'ono. Tabitha anachoka ku DD Sunshine ya ku Lilongwe mu 2014 kupita ku Krokom/Dvärsätts, katimu ka m'ligi yotsika ku Sweden kumene chisanu chake Mmalawi sangachiyerekeze. Atachoka apo anapita ku Kvarnsveden, ndipo mu 2017 anamwetsa zigoli 26 n'kutsogola mu ligi yaikulu ya dzikolo, ngakhale timu yakeyo inatsika chaka chomwecho. Kenako China, kenako Inter Milan kumene anatsogola ndi zigoli 23, Paris Saint-Germain, ndipo mu 2024 Lyon. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Lyon zinatenga zaka khumi. Temwa anadutsa ku Blantyre Zero, Kvarnsveden ndi Wuhan asanafike ku Kansas City Current, kumene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo. Atsikana ambiri amangodziwa mathero a nkhanizi, n'chifukwa chake amakana timu ya ku Zambia kapena ya m'ligi yachiwiri ku Ulaya poyembekezera dzina lalikulu limene silibwera.

Jezi ya Scorchers nayo ndi zenera. Timuyi inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza ku South Africa, ndipo mu 2025 inagonjetsa Angola n'kudzigulira malo mu mpikisano wa matimu a amayi a mu Africa koyamba m'mbiri yake. Magemu amenewa amaoneredwa ndi anthu amene sadzafika pa Kasungu Stadium. Akakuitana ku kampu, ngakhale ya ana osapitirira zaka 17 kapena 20, pita uli wokonzeka, pasipoti ili m'manja.

Chomaliza: ndalama, ndi ntchito ya pambuyo pake

Malipiro a mpira wa amayi m'dziko muno akadali ochepa, ndipo osewera ambiri a mu ligi yaikulu amadalira china chapambali. Usachite nazo manyazi. Matimu a asilikali ndi apolisi ali ndi ubwino wina, woti wosewera akhoza kupezerapo ntchito yokhazikika, ndipo zimenezi uziike pa sikelo posankha.

Ndalama ikayamba kubwera, abale nawo amabwera. Tsegula akaunti ya ku banki m'dzina lako, osati la chibwenzi, la malume kapena la ejenti. Khazikitsa ndalama imene uzitumiza kwanu pa mwezi ndipo uwauze makolo poyera kuti ndi imeneyo, chifukwa wosaika malire amathera kulipira ngongole za mudzi wonse. Ndalama yosainira isathere pa foni ndi tsitsi. Gula chinthu chimene chidzakhalepo bondo likadzakana, kaya puloti pa boma, kaya maphunziro.

Ukadali kusewera, lembetsa maphunziro a ukochi amene FAM imachititsa, kuyambira pa laisensi yoyambira kukwera mpaka za CAF. Makochi aakazi ndi ochepa, ndipo matimu a atsikana akuchulukirachulukira. Kuyimbira mpira nayo ndi njira: Bernadettar Kwimbira, Mmalawi, ananyamula mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi mu 2019, ndiponso pa masewera a Olympics. Maphunzirowa amalengezedwa kudzera ku mabungwe a mpira a m'chigawo ndi m'maboma, ndipo malo amakhala owerengeka, choncho siya dzina lako ndi nambala ku ofesi ya zamasewera pa boma, uzikafunsako nyengo ya ligi ikamatha.